Mtsinje wa Zambezi: kodi tingapindule nawo popanda kuupha?

Chaka cha 2024 chinaonetsa zinthu ziwiri zosemphana m'chigwa chimodzi. Chakumayambiriro kwa chaka nyanja ya Malawi inadzaza mpaka madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Patangopita miyezi yochepa, ku damu la Kariba madzi anaphwa moti kampani ya magetsi ya ZESCO inatsala ndi makina amodzi okha ogwira ntchito mwa makina 6, ndipo m'madera ambiri a Zambia magetsi ankazima maola oposa 20 pa tsiku. Madzi a malo awiriwa amakakumana mumtsinje umodzi, wa Zambezi.

Nkhani yosamalira chigwa chachikulu chonchi yagona pa mafunso atatu: madzi afika liti, afika ali otani, ndipo ndani ali ndi mphamvu yotsegula kapena kutseka zipata za damu. Mayankho amene anaperekedwa zaka 60 zapitazo ndi amene tikukhala nawo lero, ubwino ndi kuipa kwake komwe.

Mtsinje woyenda ndi nyengo

Mtsinje wa Zambezi umayambira pa kasupe wamng'ono m'nkhalango za kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, kufupi ndi phiri la Kalene. Umalowa mu Angola, n'kubwereranso mu Zambia, n'kufalikira m'dambo lalikulu la Barotse, n'kugwa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, kenako n'kulunjika kum'mawa kudzera ku Tete mpaka kukathira m'nyanja yamchere kufupi ndi Chinde. Ulendo wonsewu ndi wa makilomita pafupifupi 2,600, ndipo mu Africa ndi mitsinje ya Nile, Congo ndi Niger yokha imene imauposa kutalika. Dera lotsanulira madzi mumtsinjewu likukhudza mayiko 8: Angola, Zambia, Namibia, Botswana, Zimbabwe, Mozambique, Malawi ndi Tanzania, ndipo mumakhala anthu oposa 40 miliyoni. Kupatula madera ozungulira nyanja za Chilwa ndi Chiuta, dziko lonse la Malawi lili m'chigwachi. Mvula yogwa ku Chitipa, ku Mchinji, ku Thyolo kapena ku Chipata imakathera ku Zambezi.

Mvula imagwa miyezi isanu yokha, kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo. Choncho kuyambira kale mtsinjewu unkafufuma kamodzi pa chaka, n'kusefukira m'madambo, kenako n'kubwerera pang'onopang'ono m'khwawa mwake. Moyo wonse wa m'chigwa unazolowera kayendedwe kameneka. Nsomba zimaswana m'maudzu omizidwa, kumene tiana take timapeza chakudya ndi pobisala. Madzi akamaphwa amasiya matope achonde ndi msipu wobiriwira panthawi imene kumtunda kwauma. A Lozi a ku Barotse anachita kukhazikitsa mwambo wa Kuomboka, pamene mfumu yawo, Litunga, imakwera bwato la Nalikwanda kuchoka ku Lealui kupita kumtunda ku Limulunga madzi akakwera. A Ila a ku Kafue amatsitsira ng'ombe zawo kudambo madzi akabwerera. Amang'anja ndi Asena a kuchigwa cha Shire amadzala chimanga ndi mbatata m'madimba potsatira chinyontho. Kwa anthu onsewa kusefukira kwa chaka ndi chaka kunali chakudya. Chimene ankaopa chinali chigumula chachilendo, kapena chaka chimene madzi sanakwere.

Makoma awiri amene anasintha zonse

Damu la Kariba linamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, makamaka pofuna magetsi a migodi ya mkuwa ndi mafakitale. Khoma lake ndi lotalika mamita 128, ndipo nyanja imene linapanga imasunga madzi ochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopangidwa ndi anthu. Lero mbali ya Zambia ili ndi makina otha kupanga mamegawati 1,080, mbali ya Zimbabwe mamegawati 1,050. Kumunsi kwake Apwitikizi anamanga Cahora Bassa, damu limene linatsekedwa mu 1974 ndipo limapanga mamegawati 2,075. Magetsi ake ambiri amapita ku South Africa pa nthambo za makilomita pafupifupi 1,400.

Phindu la madamuwa n'losakanika. Migodi, mafakitale, zipatala ndi mizinda ya mayiko angapo yakhala ikuyendera magetsi amenewa kwa zaka zambiri, pa mtengo wotsika komanso popanda utsi wa malasha. Ku Kariba kunabadwanso usodzi wa kapenta, nsomba imene anaitenga ku nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo lero ndi ndiwo ya mabanja ambiri mu Zambia ndi Zimbabwe.

Koma analipira ndi ena. Atonga pafupifupi 57,000 a m'chigwa cha Gwembe anasamutsidwa m'minda yawo ya m'mbali mwa mtsinje, kumene ankakolola kawiri pa chaka, n'kukawasiya kumalo ouma. Mu 1958 apolisi a atsamunda anawombera ndi kupha anthu 8 amene ankakana kusamuka. Dziko lapansi linamva zambiri za nyama pafupifupi 6,000 zimene zinapulumutsidwa pa ntchito yotchedwa Operation Noah kusiyana ndi za anthuwa. Akatswiri awiri, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, anatsatira moyo wa mabanja osamutsidwawo kuyambira 1956, ndipo zimene analemba zikuonetsa njala, kusowa malo ndi umphawi wopitirira kwa ana ndi zidzukulu. Midzi yambiri ya Atonga inakhala zaka zambirimbiri mumdima, nthambo za magetsi zikudutsa pamwamba pawo.

Chiwonongeko china sichioneka msanga. Damu la magetsi limafuna madzi otuluka mofanana chaka chonse, choncho limasunga madzi a dzinja n'kumawatulutsa m'chilimwe. Zotsatira zake kumunsi kwa Cahora Bassa mtsinje unasiya kusefukira pa nyengo yake, ndiponso unasiya kuphwa pa nyengo yake. Matope achonde amatsalira pansi pa nyanja ziwirizo. Kumatsiriro a mtsinje, m'madambo a Marromeu, nthaka inayamba kuuma, mitsinje ina yanthambi inatsekeka, moto wolusa unachuluka, ndipo madzi a mchere akulowa mkati. Asodzi a m'mphepete mwa nyanja ku Sofala, amene amapha tizilombo todyedwa timene kumeneko amati camarão, anaona zokolola zawo zikutsika, popeza tizilomboti timakulira m'madzi osakanikirana a mtsinje ndi nyanja, pakati pa mitengo ya mangrove. Njati za ku Marromeu zinaphedwa kwambiri pa nkhondo yapachiweniweni, koma kuuma kwa dambo kunathandizira alenje kufika kumene kale sakanafika.

Pali vuto linanso. Anthu ataona kuti madzi sakukweranso chaka ndi chaka, anamanga nyumba zokhazikika m'malo otsika amene makolo awo ankangolimamo. Chaka cha mvula yoopsa chikafika, monga 1978 ndi 2001, oyang'anira madamu amakakamizika kutsegula zipata kuti khoma lisagumuke, ndipo madzi amapeza anthu ali m'njira yake. Damu linachotsa kusefukira kwakung'ono kopindulitsa, koma chigumula chachikulu silingachiletse.

Phunziro la ku Kafue

Mtsinje wa Kafue uli wonse m'dziko la Zambia, koma ukuonetsa mavuto onse a chigwa pamalo amodzi. Umayambira kudera la migodi ya mkuwa, umadyetsa minda ya nzimbe ya ku Mazabuka, umapereka madzi akumwa ku Lusaka, ndipo umayendetsa makina a magetsi ku Kafue Gorge. Damu la Itezhi-Tezhi, lomwe linatha kumangidwa mu 1977, lili kumtunda kwa dambo lalikulu la Kafue, ndipo ntchito yake ndi kusungira madzi makina a kumunsi. Omanga anadziwa kuti dambo lidzavutika, motero anaika lamulo lotulutsa madzi owonjezera kwa milungu inayi m'mwezi wa Malichi. Ili linali ganizo lanzeru lomwe linabwera nthawi yake isanakwane, koma madzi a milungu inayi sanafanane ndi kusefukira kwa miyezi ingapo, ndipo m'zaka za chilala lamulolo silinkatsatidwa nthawi zonse. Chitsamba chaminga cha Mimosa pigra chinalanda msipu. Agwape a m'dambo otchedwa lechwe, omwe analipo pafupifupi 100,000 m'zaka za m'ma 1970, anatsala osakwana 30,000 mu 2015, chifukwa cha kusintha kwa dambo pamodzi ndi kupha nyama mozembera malamulo.

Pa 18 Febuluwale 2025 khoma losungira zinyalala za mgodi wa kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linagumuka kufupi ndi Chambishi, ndipo madzi a asidi analowa m'mitsinje yothira mu Kafue. Nsomba zinafa, mbewu zinapsa m'minda, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi kwa masiku angapo. Pamene Zambia ikufuna kuchulukitsa mkuwa umene imakumba, ndipo migodi ikuluikulu ili kale kumtunda kwa mtsinje wa Kabompo, komanso malasha akukumbidwa ku Hwange ndi ku Moatize, ukhondo wa madzi wasanduka nkhani yofanana kukula ndi kuchuluka kwake.

Ku Shire vuto limatsika m'mapiri

Shire ndi mtsinje wokhawo wotulutsa madzi m'nyanja ya Malawi. Umayenda makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Mangochi, kudutsa Malombe ndi Liwonde, kutsetsereka pa mathithi mpaka ku Chikwawa ndi Nsanje, n'kukathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Magetsi ambiri a Malawi amachokera pa mathithi amenewa, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi ambiri a mzinda wa Blantyre amapopedwa ku Walker's Ferry, ndipo nzimbe za ku Nchalo zimamwa mtsinje womwewu.

Kusiyana kwake ndi Kariba n'kwakuti kuno kulibe damu lalikulu losungira madzi. Nkhokwe yake ndi nyanja yeniyeniyo, ndipo chowongolera chokha ndi zipata za Kamuzu Barrage ku Liwonde, zomangidwa mu 1965. Mbiri ikutichenjeza: kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika kwambiri moti inasiya kuthira madzi mu Shire. Zimenezi zitachitikanso, dziko lingakhale mumdima. Komanso madzi akachuluka, monga mu 2024, oyang'anira zipata amakhala pampanipani. Akatseka, midzi ndi mahotela a m'mbali mwa nyanja amamira. Akatsegula kwambiri, madzi amakavutitsa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje.

Mdani wa tsiku ndi tsiku wa magetsi a ku Shire ndi matope ndi zinyalala. Mapiri a ku Neno, Mwanza, Ntcheu, Balaka ndi Blantyre ametedwa chifukwa cha makala, nkhuni ndi minda yatsopano. Mvula ikagwa pa nthaka yopanda chophimba imakokolola dothi n'kulitsitsira mumtsinje, ndipo limakadzaza maiwe a pamalo opangira magetsi. Feteleza wokokoloka amanenepetsa namasupuni ndi maudzu ena oyandama, amene amatseka zosefera za makina. Kampani ya magetsi ya EGENCO imawononga ndalama zambiri chaka chilichonse kukumba mchenga ndi kuvuula udzu. Apa pali chizungulire chomvetsa chisoni: magetsi akamazimazima, a m'tauni amagula makala ambiri, makala akamagulidwa, mitengo imatha, mitengo ikamatha, matope amachuluka ndipo magetsi amazimanso.

Anamondwe aonjezera ululu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula khoma la ku Kapichira, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a m'madzi a dziko lonse, kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche ndi mapiri a ku Mulanje ndi Phalombe, n'kupha anthu mazanamazana. Wotentha makala m'mapiri ngati amenewa sadula mitengo chifukwa chodana nayo. Alibe njira ina yopezera ndalama, ndipo wogula alibe china chophikira. Malamulo okhwima a zankhalango amene anakonzedwanso mu 2020 sangagwire ntchito paokha ngati gasi, magetsi odalirika ndi mitengo yodzala yokolola makala ovomerezeka sizifika pa mtengo umene anthu angakwanitse.

Ndani mwini mtsinje

Madzi salemekeza malire, koma mphamvu zoyendetsera madziwo n'zogawikana. Kariba ali m'manja mwa bungwe la Zambezi River Authority, limene Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa mu 1987, ndipo ndilo limagawira mayiko awiriwa madzi opangira magetsi chaka chilichonse. Cahora Bassa amayendetsedwa ndi kampani ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa, imene Mozambique inaitenga m'manja mwa Portugal mu 2007. Madamu a pa Kafue ndi a ZESCO. Zipata za ku Liwonde zili pansi pa malamulo a Malawi. Aliyense ali ndi makasitomala ake, ngongole zake ndi boma lomuyang'anira.

Pofuna kuwagwirizanitsa, mayiko ambiri a m'chigwachi anasainirana pangano ku Kasane, m'dziko la Botswana, mu 2004, lokhazikitsa bungwe la ZAMCOM. Panganoli linayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo likulu la bungweli lili ku Harare. Mfundo zake n'zabwino: kugwiritsa ntchito madzi mwachilungamo, kupewa kuvulaza mnansi, kudziwitsana pasadakhale za ntchito zazikulu, ndi kugawana zotsatira za kuyeza madzi. Bungweli lili ndi ndondomeko yofika mpaka 2040. Chofooka chake n'chakuti limalangiza chabe. Silingalamule damu lililonse kutsegula kapena kutseka, ndipo ndalama zake zambiri zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja.

Komabe kugwirizana kuli ndi phindu lowerengeka. Kafukufuku wa World Bank wa mu 2010 anapeza kuti madamu amene alipo kale atayendetsedwa mogwirizana, magetsi odalirika angawonjezeke ndi 7 pa 100 iliyonse popanda kumanga khoma latsopano. Chifukwa chake chikuoneka mu zimene zinachitika mu 2024: chigwachi n'chachikulu moti mbali ina ikamauma, ina imakhala ndi madzi. Nthambo zolumikiza mayiko, monga yochokera ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya ku Balaka, zingalole kuti malo amene ali ndi madzi athandize amene alibe.

Mkangano wa madamu atsopano

Mapulani atsopano alipo ambiri. Zambia ndi Zimbabwe akufuna damu la mamegawati 2,400 ku Batoka Gorge, kumunsi kwa Mosi-oa-Tunya. Mozambique ikukonzekera Mphanda Nkuwa, wa mamegawati 1,500, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa. Malawi ikufuna mamegawati oposa 350 ku Mpatamanga, ndipo ikukumba ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira yoti idzathirire mahekitala oposa 40,000 ku Chikwawa ndi Nsanje.

Ofuna ntchitozi ali ndi mfundo zolimba. Anthu ambiri m'chigwachi alibe magetsi m'nyumba zawo, achinyamata akusowa ntchito, ndipo ulimi wodalira mvula ukulephera kawirikawiri. Mayiko olemera anamanga madamu awo kalekale, ndiye n'zosamveka kuuza osauka kuti asiye mitsinje yawo ikungothira m'nyanja. Madamu a Batoka ndi Mphanda Nkuwa adzakhalanso m'zigwembe zopapatiza, choncho sadzamiza malo aakulu ngati Kariba.

Otsutsa nawonso sakulankhula zopanda pake. Akatswiri ambiri a zanyengo akuyembekezera kuti mbali yaikulu ya chigwachi idzatentha kwambiri, mvula idzachepa, ndipo ikagwa idzagwa mwamkuntho. Ngakhale lero madzi ouluka ndi dzuwa pamwamba pa nyanja za madamu ndi ochuluka kuposa amene mizinda ndi mafakitale a m'chigwachi amagwiritsa ntchito. Kuwonjezera madamu pamtsinje womwewo kukutanthauza kuti chilala chimodzi chidzazimitsa onse nthawi imodzi, ngongole zili pomwepo. Damu lopanga magetsi ambiri madzulo okha limakweza ndi kutsitsa mtsinje tsiku lililonse, zomwe zimagumula magombe ndi kuwononga madimba. Ngalande ya kuchigwa cha Shire nayo idzachotsa madzi amene akanafika ku Elephant Marsh, dambo lodyetsa asodzi ndi alimi ambiri, lomwe linalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2017. Ndipo madamu akale akufuna chisamaliro: ku Kariba madzi otuluka pa zipata anakumba dzenje lakuya mamita pafupifupi 80 patsinde pa khoma, ndipo kulikonza pamodzi ndi zipatazo kwadya ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni.

Zimene zingatheke

Pakati pa mbali ziwirizi pali njira zimene zayesedwa kale. Yoyamba ndi kubwezera mtsinje gawo la nyengo yake, potulutsa dala madzi ochuluka kwa milungu ingapo m'dzinja kuti madambo amwe ndi nsomba ziswane. Kafukufuku wa ku Cahora Bassa anaonetsa kuti izi zingachitike pongotaya gawo laling'ono la magetsi. Chovuta n'chakuti magetsi otayikawo amaoneka m'mabuku a kampani, pomwe nsomba, msipu ndi chimanga cha m'dimba sizilembedwa m'buku la aliyense. Mpaka boma litaziwerengera, wa kumunsi adzapitiriza kuluza.

Yachiwiri ndi kusadalira madzi okha. Malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Salima ndi a mamegawati 20 ku Golomoti akusonyeza njira: masana dzuwa ligwire ntchito, madzi asungidwe kuti adzagwire usiku. Chaka cha chilala ndicho chimakhalanso ndi dzuwa lambiri.

Yachitatu ndi ya m'munda ndi m'phiri: akalozera, udzu wa vetiva, kuphimbira nthaka, kusiya zitsa kuti ziphukire, ndi kuleka kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Malawi inalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango pofika 2030. Kudzala mitengo pa tsiku la mwambo n'kosavuta. Chimene chimavuta ndi kuisamalira mpaka ikule, ndipo mlimi amasamala mtengo umene akudziwa kuti ndi wake. N'chifukwa chake pali nzeru yakuti makampani a magetsi, a madzi ndi a shuga, amene amapindula ndi mtsinje woyera, azipereka gawo la ndalama zawo kwa midzi ya kumtunda imene ikusunga nthaka. Kulipira mlimi wa ku Neno kuti dothi likhale m'munda mwake kungakhale kotchipa kusiyana ndi kulikumba ku Nkula chaka ndi chaka.

Yachinayi ndi chilungamo kwa okhudzidwa. Aliyense wosamutsidwa alandire malo olimapo ofanana ndi amene wasiya, chipukuta misozi chifike ntchito isanayambe, ndipo midzi yoyandikana ndi damu ikhale yoyamba kulandira magetsi. Machenjezo a madzi osefukira afike kwa anthu m'zinenero zawo, kudzera pa wailesi, pa foni ndi kwa mafumu, nthawi ikadalipo. Migodi nayo isungitse ndalama zokonzera zowonongeka isanayambe kukumba, ndipo zotsatira za kuyeza madzi zizilengezedwa poyera.

Palibe njira imodzi mwa izi imene ikufuna luso loti lichokere kutali. Chimene chasowa ndi mpando wa msodzi wa ku Marromeu, woweta ng'ombe wa ku Kafue ndi mayi wolima dimba kuchigwa cha Shire pamalo pamene amagamula za zipata za madamu. Madamu a Batoka, Mphanda Nkuwa ndi Mpatamanga asanamangidwe, malamulo a katulutsidwe ka madzi ake akhoza kulembedwa m'mapangano a ngongole ndi a ogula magetsi. Khoma likangoima ndipo magetsi agulitsidwa zaka 30 zam'tsogolo, kusintha malamulowo kumavuta kwambiri, monga momwe anthu a kumunsi kwa Cahora Bassa akhala akuonera kuyambira 1974.